Chitseko Chikalira: Kuchokera pa Nsatsi Kufika pa Sienta

Chitseko cha makolo athu chinalibe mahinjesi. Chinali cha bango, cha nsungwi kapena cha mapesi, cholukidwa bwinobwino, ndipo munthu ankangochinyamula n'kuchitsamiritsa pakhomo, kenako n'kupinga ndi mpiringidzo. Chikatha ankaluka china. Chitseko chotero sichilira, chifukwa palibe chitsulo chimene chikudya chinzake. Ngakhale lero mukazungulira m'midzi ya kwa Kadewere, kwa Nkalo kapena kwa Mpama, mupeza zitseko za bafa ndi za khola zomangiriridwa ndi zidutswa za tayala lakutha. Nazonso zili phee.

Ndiye kuti phokoso lija timalimva pa siteji ya Njuli, pa Mbulumbuzi kapena pa Namadzi, kondakitala akamalimbana ndi chitseko cha minibasi, kapena dalaivala wa Sienta akamatsegula chake n'kumveka kuti kwiii, ndi phokoso lobwera. Linabwera ndi zitsulo za eni ake, ndipo mankhwala ake nawo ndi obwera.

Tafunsani anthu asanu kuti pa chitseko cholira tithirepo chiyani. Wina akuuzani oilo wakuda wochokera mu injini. Wina mafuta ophikira. Wina Vaseline. Wina mafuta a mabuleki. Uja wakhalako ku Joni akuuzani WD-40. Yankho lililonse pamenepa lili ndi mbiri yake, ndipo mukaidziwa mbiriyo simuvutikanso kusankha. Nkhaniyi ikuoneka yaing'ono, koma m'dziko limene galimoto timagula yakale, sipeya aliyense n'kumachokera kunja, kadontho ka mafuta oyenera ndi ndalama.

Mafuta anali a thupi

Anthu a kuno ankachidziwa chitsulo kalekale. David Livingstone atadutsa m'mapiri a Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akuyenga chitsulo m'ng'anjo, akusula makasu, nkhwangwa, mipeni ndi mikondo, ndiponso akuluka nsalu za thonje. Koma taonani zida zimenezi. Khasu limakumana ndi dothi. Nkhwangwa imakumana ndi mtengo. Palibe chida chimene chitsulo chake chinkazungulira pa chitsulo chinzake tsiku lonse. Kunalibe gudumu, kunalibe ekiselo, kunalibe hinjesi.

Mafuta nawo ankawadziwa. Nsatsi imamera yokha pamabwinja, kudzala ndi m'mbali mwa makola. Amayi ankakazinga njere zake, n'kusinja, n'kuwiritsa m'madzi, kenako n'kuyengula mafuta amene ayandama pamwamba. Mafutawo ankasungidwa m'nsupa. Ankadzola, ankapaka ana, ankapaka tsitsi, ankafewetsera zikopa, ndipo asing'anga ankasakaniza ndi mankhwala awo. Njere yeniyeniyo ndi poizoni woopsa, n'chifukwa chake ana ankaletsedwa kuitafuna.

Mwachidule, chimene chinkafunika kufewetsedwa nthawi imeneyo chinali khungu la munthu. Ndipo m'pomveka, chifukwa makina onyamulira katundu anali munthu yemweyo.

Katundu ali pamutu

Chiradzulu ndi limodzi mwa madera amene anayamba kuona azungu akukhazikika. Mu 1861 Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA anamanga misasa pa Magomero pamodzi ndi anthu amene anamasulidwa m'magoli a ukapolo. Mishoniyo sinakhalitse, bishopuyo anamwalira kumayambiriro kwa 1862. Patapita zaka, malo a Magomero anakhala esiteti ya A. L. Bruce, ndipo kapitawo wamkulu anali William Jervis Livingstone. Ankalima khofi, kenako thonje ndi fodya. Ambiri mwa ogwira ntchito anali Alomwe amene ankathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, ndipo malo okhala ankalipira ndi thukuta lawo. Limeneli ndiye thangata.

Zokolola za m'maesiteti zinkayenda bwanji? Pamutu. Ng'ombe zokoka ngolo zinkafa ndi kashembe m'madera ambiri, makamaka kuchigwa cha Shire kumene katundu ankakwerera sitima za pamadzi. Choncho makampani ngati African Lakes, ija timaitchula kuti Mandala, ankalemba amtengatenga zikwizikwi. Bwana naye sankayenda pansi, ankanyamulidwa pamachila. Chimene chinkatha pa ulendo chinali phazi, khosi ndi msana. Wina akatopa kapena kudwala, ankalemba wina. Munthu anali wotchipa kuposa gudumu.

Zinthu zinayamba kusintha njanji itafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, kudzera ku Luchenza ndi Limbe. Sitima, makina ochotsera njere za thonje, makina osokera, njinga ndi njinga zamoto, zonsezi zinkafuna oilo ndi girisi, ndipo zinkabwera m'zitini ndi m'migolo kuchokera kutsidya kwa nyanja. Mmwenye wa sitolo ankagulitsa, mzungu ankagwiritsa ntchito, ndipo munthu wakuda ankanyamula chitinicho.

Anthu ena anaona msanga kuti luso la manja lisasiyidwe kwa azungu okha. John Chilembwe atabwerako ku America mu 1900 anatsegula mishoni yake pa Mbombwe n'kuitcha Providence Industrial Mission. Liwu lakuti Industrial silinalowemo mwangozi. Ankafuna anthu odziwa kulima mbewu zogulitsa, kuumba njerwa, kumanga ndi kusoka, ndipo amayi ankaphunzira zosoka kwa mayi Ida Chilembwe ndi Emma DeLany, mmishonale wakuda wochokera ku America. Tchalitchi cha njerwa chimene anamanga chinagwetsedwa ndi boma pambuyo pa kuukira kwa pa 23 Januwale 1915, ndipo mishoniyo inakhala yotseka mpaka Dr Daniel Malekebu anadzaitsegulanso mu 1926.

Zimene anzathu anatulukira

Tisiye kaye Chiradzulu, tione kumene mafutawa ankachokera. Vuto la zinthu ziwiri zodyana ndi lakale ngati gudumu lenilenilo. Ku Egypt, m'manda a nduna ina yotchedwa Djehutihotep, ya zaka pafupifupi 3,900 zapitazo, munajambulidwa chithunzi cha anthu akukoka chifanizo chachikulu pa chilei, wina ali kutsogolo akuthira zamadzimadzi pansi kuti chitereke. Pa maekiselo a magaleta awo ankapakapo mafuta a nyama. Kwa zaka zikwi zingapo yankho linali lomweli: mafuta a ng'ombe, a nkhosa, a nkhumba, a azitona.

Mafakitale atachuluka ku Ulaya ndi ku America, mafuta amene ankatamandidwa kwambiri anali a anangumi, zinyama zikuluzikulu za m'nyanja zamchere. Anali osauma msanga ndiponso osachita nkhambakamwa pa makina. Anangumi anaphedwa osawerengeka kuti mawotchi ndi makina oluka nsalu aziyenda, ndipo ku America mafuta amenewa ankathiridwabe m'magiyabokosi ena a galimoto mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 pamene analetsedwa.

Mu 1859, chaka chomwecho Livingstone ankayendera mapiri athu, Edwin Drake anaboola chitsime cha mafuta a pansi pa nthaka ku Titusville, m'chigawo cha Pennsylvania. Kuchokera m'mafuta amenewa munatuluka palafini, petulo, dizilo ndi oilo wa makina. Munatulukanso phula lina limene linkamata zitsulo za pa zitsimezo. Katswiri wina, Robert Chesebrough, analiyeretsa n'kulitcha Vaseline, ndipo analembetsa luso lake mu 1872. Inde, chimene mumadzola m'mwezi wa Juni ndi m'bale wake wa oilo wa mu injini.

Chaka chomwecho cha 1872, Elijah McCoy, munthu wakuda wobadwira ku Canada kwa makolo amene anathawa ukapolo ku Kentucky, analembetsa kachipangizo kothira kokha oilo pa injini za nthunzi. Iye anaphunzira za makina ku Scotland, koma atabwerera ku America ntchito imene anapatsidwa inali yosonkhezera moto ndi kuthira oilo pa sitima. Masiku amenewo sitima inkaima pafupipafupi kuti munthu azungulire ndi chitini. Kachipangizo kake kanachititsa kuti oilo azidontha yekha sitima ili paulendo. Ntchito imene ena ankaiona ngati yonyozeka ndi imene inamupatsa dzina.

Koma phunziro lofunika kwambiri pa nkhani ya chitseko chathu linapezeka mu 1883. Injiniya wa ku England, Beauchamp Tower, ankayesa mabering'i ofanana ndi a mawilo a sitima. Anaboola kabowo pamwamba pa bering'i, ndipo anadabwa kuona oilo akutulukirapo mwamphamvu mpaka kukankha chotsekera chimene anatsekapo. Mu 1886 Osborne Reynolds anafotokoza chifukwa chake: chitsulo chikamazungulira mothamanga chimakoka oilo n'kumulowetsa pansi pake, moti chimayandama pa oiloyo osakhudza chinzake.

Gwirani mfundo imeneyi. Oilo wamadzimadzi amagwira bwino ntchito pamene pali liwiro komanso pamene akubwerabe wina, ngati mu injini momwe muli pampu. Hinjesi ya chitseko ilibe liwiro. Imangoyenda pang'ono, n'kubwerera, n'kukhala tsiku lonse itasenza chitseko cholemera. Oilo wopepuka amafinyidwa, n'kuyenderera pansi, zitsulo n'kuyambanso kudyana. Pamalo otero pamafunika chinthu chokakamira.

Nsatsi yathu, dzina la ena

Pali chinthu chimodzi chopweteka pang'ono m'mbiriyi. Pamene injini zoyamba za galimoto zampikisano ndi za ndege zinkatentha kwambiri, oilo wa pansi pa nthaka wa nthawiyo ankalephera. Amene anapirira anali mafuta a nsatsi, chifukwa amakakamira pa chitsulo chotentha ndipo sasungunuka wamba mu petulo. Kampani ya Charles Wakefield ya ku London inayamba kusakaniza nsatsi mu oilo wake, ndipo mu 1909 inatulutsa dzina lakuti Castrol, lochokera ku dzina la nsatsi m'Chingerezi.

Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndege zambiri za ku Ulaya zinkauluka ndi injini zomwa mafuta a nsatsi. Pa nkhondo yomweyo, amuna a ku Nyasaland pafupifupi 200,000 anatengedwa kukhala amtengatenga, kusenza chakudya ndi zipolopolo kupita ku Karonga mpaka kulowa m'dziko la Tanganyika, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Ndi nkhondo yomweyi imene Chilembwe anaidandaula m'kalata yake yopita ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914. Mbewu imene inkamera kuseri kwa khola la agogo athu inkaulutsa ndege, eni khola akuyenda pansi, katundu ali pamutu.

Nyasaland inalimako mbewu ina ya mafuta yogulitsa kunja, mtengo wa tung. Siteshoni ya kafukufuku ya Bvumbwe inayamba ndi mbewu imeneyi, ndipo tauni ya Mzuzu inakula mozungulira minda ya tung kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Koma mafuta a tung ntchito yake ndi yosiyana kotheratu: akakumana ndi mpweya amauma n'kukhala gwa, n'chifukwa chake ankapangira penti ndi vanishi.

Apa m'pamene pagona yankho kwa uja amati thirani mafuta ophikira. Mafuta a mpendadzuwa, a soya ndi a thonje ali ndi khalidwe lomwelo, kungoti amachedwa. Kayang'aneni m'mphepete mwa chiwaya cha tchipisi pa Namitambo kapena pa boma. Chakuda chomata chija, chimene sichichoka ndi sopo, ndi mafuta ophikira amene akhalitsa pa mpweya ndi pa moto. Mukawathira pa hinjesi chitseko chikhala chete sabata imodzi kapena ziwiri, kenako mwapanga ulimbo wogwira fumbi.

Njinga, girisi ndi kachitini kopopera

Makina oyamba amene Mmalawi wamba anakhala nawo akeake sanali galimoto. Inali njinga ndi makina osokera, ndipo zambiri zinkabwera ndi amuna ochokera ku migodi ya ku Joni ndi ku mapulazi a ku Rhodesia. Munthu wosunga ndalama zaka ziwiri kuti agule Humber kapena Raleigh sankalola tcheni kuchita dzimbiri. Telala wa pakhonde la sitolo ankasunga kabotolo kake ka oilo woyera ngati mankhwala a m'maso. Oilo wa mtundu umenewu nayenso anayambira pa njinga: 3-in-One anapangidwa ku New Jersey mu 1894 kuti azitsuka, kufewetsa ndi kuteteza njinga ku dzimbiri.

Nanga girisi n'chiyani? Ndi oilo yemweyo, koma wosakanizidwa ndi mtundu wina wa sopo kuti alimbe. Sopoyo amagwira oilo ngati mmene chinkhupule chimagwirira madzi, n'kumamutulutsa pang'onopang'ono zitsulo zikapanikizana. Magirisi akale anali ndi mavuto awo: wa laimu ankapirira madzi koma osati kutentha, wa soda ankapirira kutentha koma ankasukuluka ndi madzi. Mu 1942 Clarence Earle wa ku America analembetsa girisi wa lithium, amene amapirira zonse ziwiri. Mpaka pano girisi wambiri amene mungamupeze m'mashopu a masipeya ku Limbe ndi wa mtundu umenewu.

WD-40 anabwera mu 1953 ku San Diego, ndipo sanapangidwire zitseko ayi. Kampani yaing'ono ya Rocket Chemical Company inkafuna mankhwala othamangitsa madzi pa zitsulo kuti zisachite dzimbiri, ndipo anagwiritsidwa ntchito poteteza mizinga ya Atlas. Zilembo za WD zikuimira kuthamangitsa madzi, 40 ndi nambala ya kuyesa kumene kunatheka. Anayamba kugulitsidwa kwa anthu wamba mu 1958. Mbali yaikulu ya zimene zili m'kachitiniko ndi zamadzimadzi zouluka, zimene zimalowerera m'ming'alu, n'kumasula dzimbiri ndi litsiro, kenako n'kuuma kusiya oilo wochepa kwambiri. Ndi katswiri pomasula ndi potsuka. Pa ntchito yosenza chitseko miyezi isanu ndi umodzi, ameneyo ndi girisi.

Kuti muone kuti izi si zachibwana, mu 1966 komiti ya boma la Britain yotsogoleredwa ndi Peter Jost inawerengera kuti dzikolo likanapulumutsa mapaundi 515 miliyoni chaka chilichonse likanasamala bwino nkhani ya kudyana ndi kutha kwa zitsulo. Limenelo ndi dziko lopanga lokha makina. Nanga ife ogula?

Chifukwa chake timakonda oilo wakuda

Malawi alibe chitsime cha mafuta, alibenso fakitale yoyengera. Dontho lililonse la petulo, dizilo ndi oilo limadutsa pa doko la eni ake, monga Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, katundu n'kumazungulira pa msewu mpaka ku Durban, mitengo n'kukwera. Ambiri a ife tikukumbukira mizere ya pa mafilingi siteshoni ya 2011 ndi 2012, tili ku sekondale, ndi inanso ya zaka zaposachedwapa. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Zikatero, chilichonse chobwera m'chitini chimasanduka chamtengo wapatali.

M'dziko lotero munthu sataya kanthu. Oilo wotsitsidwa mu injini amasungidwa m'zigubu kuseri kwa galaja. Amapakidwa pa mitengo ya denga kuti chiswe chisadye, pa matcheni a njinga za kabaza, pa wilibala, pa ngolo, pa mageti. Nzeru imeneyi inabadwa ndi kusowa, ndipo palibe chifukwa chonyozera amene anaitulukira. Koma tiyeni tinene zoona za oilo ameneyu. Wada chifukwa wadzaza mwaye, tizidutswa ta zitsulo za mu injini, zotsalira za petulo ndi asidi. Ndi wamadzimadzi, ndiye sakhala pa hinjesi, amayenderera n'kudetsa zovala za okwera. Opanga oilo eni akewo amachenjeza kuti wogwiritsidwa kale ntchito asamakhalitse pakhungu, chifukwa kafukufuku pa nyama anaonetsa kuti angayambitse khansa ya pakhungu. Akatayikira pansi amalowa m'nthaka ndi m'zitsime.

Chinanso chimene chinasintha ndi mwini galimoto. Kale anthu ankayenda pa mabasi a kampani imodzi yaikulu, UTM, imene mu 1989 inagulidwa ndi Stagecoach ya ku Scotland. Kampani yotero imakhala ndi depoti, ndandanda ya sevisi, ndi munthu amene ntchito yake ndi kupopa girisi basi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 msewu unadzaza ndi maminibasi a anthu paokhapaokha, kenako ma Sienta ndi tigalimoto tina tating'ono. Dalaivala ali ndi ndalama yoti akapereke kwa bwana madzulo. Kondakitala ali ndi yake. Bwana akuwerenga za matayala ndi za apolisi a pamsewu. Chitseko chilibe mwini.

Ndipo galimoto zimenezi zimafika zitakalamba kale. Ku Japan galimoto imayesedwa ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyesako n'kodula moti ambiri amangogulitsa. Poti nawonso amayendetsa kumanzere ngati ife, zimatikwana. Zimatsika pa Dar es Salaam, n'kulowera pa Songwe, kabuku ka malangizo kali m'Chijapani. Girisi amene ali pa mahinjesi ake nthawi zambiri ndi yemwe anapakidwa ku fakitale zaka khumi kapena kuposerapo zapitazo. Chitseko chimene ku Nagoya chinkatsegulidwa kanayi patsiku ndi mayi wopita kumsika, kuno chikutsegulidwa pa siteji iliyonse kuyambira ku Limbe mpaka ku Zomba, m'fumbi la Okutobala ndi m'matope a Febuluwale. Fumbi la kuno si ufa wamba, muli timiyala tolimba kuposa chitsulo cha pini. Likasakanikirana ndi oilo limakhala ngati sandipepala.

Ndiye tithire chiyani?

Choyamba si kuthira, ndi kutsuka. Tsegulani chitseko chonse, pukutani mahinjesi ndi kansanza, ndipo gwiritsani ntchito mswachi wakutha kuchotsa girisi wakale wosakanikirana ndi dothi. Ngati pali dzimbiri kapena hinjesi yauma gwa, apa m'pamene WD-40 kapena anzake opopera amagwira ntchito. Poperani pang'ono, yendetsani chitseko kangapo, pukutani zakuda zimene zituluke, dikirani paume.

Kenako pakani girisi. Wabwino pa ntchitoyi ndi girisi woyera wa lithium. Wopopera ndiye wosavuta, chifukwa amatuluka ali wamadzi, n'kulowa mkati mwa pini, kenako n'kulimba. Ngati mulibe, girisi wamba wa mabering'i amene makaniko aliyense ali naye agwira ntchito, kungoti muyenera kumukanikizira m'mipata ndi chala kapena kamtengo, uku mukuyendetsa chitseko. Mukatha pukutani yense wotsalira kunja. Girisi amene mukumuona ndi maso sakugwira ntchito iliyonse, akungoitana fumbi.

Musaiwale kachitsulo kaja kali pakati pa mahinjesi awiri, kamene kamagwira chitseko kuti chisatseguke mopitirira. Kawirikawiri phokoso lakuti gu gu limachokera pamenepo. Kapakeni pang'ono, pamodzi ndi loko wa m'mphepete mwa chitseko amene amaluma kachitsulo ka pa bodi.

Chitseko chokoka cha minibasi kapena cha Sienta chimayenda pa timawilo m'tinjanji titatu: pamwamba, pakati ndi pansi. Ya pansiyo ndi imene imadzaza mchenga, makoko a mtedza ndi zotsekera mabotolo. Isesedwe kawirikawiri. Girisi apite pa timawiloto, wochepa, osati kudzaza njanji yonse.

Malabala a m'mphepete mwa chitseko akamalira kapena kumata, musawapake girisi kapena oilo, chifukwa mafuta ochokera pansi pa nthaka amafufumitsa labala wa mtundu umenewo n'kumuwononga. Pamenepo pamafuna silikoni. Pa bowo lolowetsa kiyi pamafuna chouma, monga ufa wa graphite, chakuda chija chili mkati mwa pensulo.

Vaseline angakupulumutseni tsiku limodzi muli kutali, koma amasungunuka msanga, ndipo chitseko choimikidwa padzuwa la chilimwe chimatentha mokwanira kumuyendetsa. Mafuta a mabuleki musayerekeze n'komwe: amasupula penti ndipo amayamwa madzi, ndiye mukuitana dzimbiri lomwe mumathawa.

Chitani zimenezi kawiri pachaka, mvula isanayambe ndiponso ikangotha. Ngati galimoto ndi ya ntchito, kapena imayenda msewu wafumbi tsiku ndi tsiku, pafupipafupi kuposa apo.

Pomaliza, yesani ichi. Tsegulani chitseko pang'ono, gwirani kumapeto kwake, n'kuchinyamulira m'mwamba. Chikagwedera, kapena ngati potseka mumachita kuchikweza kaye, ndiye kuti pini ndi mabushi zadyeka kale, ndipo palibe mafuta amene angabwezeretse chitsulo chimene chapita. Pitani nacho kwa makaniko chisanayambe kuwononga loko. Pakadafunda padajiwitsa galu. Loko akatha chitseko chimayamba kumangidwa ndi chingwe, ndipo chitseko chomangidwa ndi chingwe pa galimoto yonyamula anthu, ana asukulu atatsamira, si nkhani yoseketsanso.

Mawu otsiriza

M'zaka 160 zokha, boma lino lachoka pa chitseko cha bango kufika pa chitseko chodzitsekera chokha ndi magetsi. Zitsulo tinazilandira, koma mwambo wozisamala unafika mwa apo ndi apo, kwa telala, kwa wokonza njinga, kwa makaniko wa pa depoti, ndipo sunalembedwe m'chinenero chathu. Ambiri a msinkhu wathu amene akugula galimoto lero, kaya ndi ya ngongole, kaya ndi ya ndalama za ku Joni, ndi oyamba m'banja mwawo kukhala nayo. Palibe bambo kapena malume amene anawaonetsa pothira girisi.

Sitingathe kusintha mtengo wa dola, ndipo hinjesi yatsopano ya Toyota sitipanga kuno. Koma kachitini kamodzi ka girisi kamakwanira zitseko zonse za galimoto kangapo, n'kutsalako wa geti ndi wa wilibala. Agogo athu ankadziwa kuti khungu louma limang'ambika, n'chifukwa chake nsupa ya nsatsi sinkasowa m'nyumba. Chitsulo nacho n'chimodzimodzi, kungoti icho chimayamba chalira kaye.